Mutu 4: Mpeni M'firiji

1. Mlonda wa firiji

Panyumba paja panalibe amene ankamuitana mtsikanayu ndi dzina lake lenileni. Onse ankangoti Tsekani. Dzinali analipata yekha ndi pakamwa pake. Munthu akangotsekula firiji n'kuima akuganiza chimene akufuna, iye ankakuwa ali kuchipinda: “Tsekani! Tsekani firijiyo, mayunitsi akutha!” Anali ndi zaka khumi ndi zinayi zokha, koma pankhani ya firiji ngakhale amayi ake ankamuopa.

Sikuti ankangokonda kulamula ayi. M'firiji muja, pa shelefu ya pakati, munkakhala kabokosi koyera. M'kabokosimo munali timabotolo tiwiri ta mankhwala a bambo ake. Bambowo anali telala, ndipo ankadwala matenda a shuga. M'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse ankadzibaya jakisoni. Botolo limene ayamba kale ankalisunga okha m'kabati ya kuchipinda, koma atsopano osatsekula ankakhala m'firiji, ndipo woyang'anira wake anali Tsekani.

Tsiku limene ankamupatsa udindowu, bambo ake anamuika kabokosiko m'manja nati, “Mwana wanga, moyo wanga uli umu. Kasatenthe, komanso kasaume. Ndakupatsa iwe chifukwa mutu wako umagwira.”

Tsekani anali ndi mchimwene wake mmodzi yekha, wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu. Ameneyo ankatchedwa Kamphepo, poti pampando sankakhalitsapo. Anali mnyamata wanthabwala, ndipo ndi amene ankamubereka Tsekani popita kusukulu chaka chimene anathyoka mwendo. Tsekani ankamukonda mchimwene wakeyo zosayamba. Achimwene akanena kuti khoma ili ndi lofiira, iye ankavomera asanaliyang'ane n'komwe.

2. A Mafiriji alankhula

Mwezi umenewo mayunitsi a magetsi ankatha ngati akuthamangitsidwa. Amayi a Tsekani, amene ankagwira ntchito kufakitale yophika buledi, anatopa ndi kudandaula. Lachinayi madzulo anaitana bambo wina wokonza mafiriji wa mumsewu womwewo. Anthu onse ankangowatchula a Mafiriji. Anali bambo wamfupi, wadazi, wolankhula ngati wailesi yopanda pozimitsira.

A Mafiriji anatsekula kachitseko ka m'mwamba, kumene kumaumitsa nyama, ndipo anapukusa mutu.

“Mayi, firiji yanuyi siikudwala ayi, mukuizunza ndinu. Taonani ayeziyu, wakula ngati chulu! Anthu amaganiza kuti ayezi akachuluka ndiye kuti firiji ikugwira bwino ntchito. Bodza limenelo. Ayezi wotereyu ali ngati bulangete, kuzizira sikudutsa. Ndiye injini imangolira usana ndi usiku osapuma, mayunitsi n'kumapita.”

Anaikoka firiji ija kuichotsa kukhoma, naloza kumbuyo kwake.

“Kuno ndi kumene firiji imapumira. Inu mwaikanikiza kukhoma, fumbi lili tho. Atakutsekani mphuno inuyo mungathamange? Muzisiya mpata woti dzanja lilowe, ndipo fumbili muzipukuta mwezi ndi mwezi. Mphika wotentha usalowe muno, uyambe wazizira kaye panja. Komanso firiji isayandikane ndi sitovu, awiri amenewa ndi adani.”

Kenako anapana pepala ndi chitseko cha firiji, nalikoka. Pepalalo linakana kutuluka.

“Eya, labala wa chitseko akadali wamoyo. Tsiku limene pepala lidzangosololoka lokha, mudzadziwe kuti mphepo yozizira ikuthawira pomwepo. Pakadali pano muzingomutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo.”

Atatero anatembenukira kwa ana aja, chala chili m'mwamba.

“Tsono ana inu, tcherani khutu. Loweruka muchotse ayeziyu. Muzimitse firiji pakhoma, mutulutse zonse, chitseko muchisiye chotsekula. Muike beseni la madzi ofunda mkatimo, muyale nsanza pansi, kenako mukhale pansi mudikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ayezi agwa yekha. Koma mpeni ayi! Foloko ayi! Chitsulo chilichonse chosongoka ayi! Pansi pa ayeziyu pali timapaipi topyapyala toyenda gasi, ndipo gasi ameneyo ndiye magazi a firiji. Mukangoboola mudzamva kuti tsiii, basi mwapha. Nyale idzayaka ndithu, injini idzalira, koma mudzakhala muli ndi kabati wamba. Ine ndaona mafiriji ambirimbiri ophedwa ndi mpeni wa kukhitchini, ndipo onsewo anaphedwa ndi anthu ofulumira.”

Tsekani anamva mawu onse, limodzilimodzi. Kamphepo ankagwedeza mutu ndithu, koma maso anali pa foni.

3. Tsiii!

Loweruka m'mawa bambo anadzibaya jakisoni wawo napita kushopu yawo yosokera. Amayi nawo ananyamula chikwama, ndipo ali pakhomo anati, “Ntchito ya firiji ndi ya nonse awiri. Ndisamve kuti wina anathawa.”

Tsekani anachita zonse monga anauzidwira. Anazimitsa pakhoma. Nyama, mkaka ndi zina zonse anaziika m'beseni lalikulu nafundika nsalu zonyowa. Kabokosi ka mankhwala anakakulunga m'kathaulo konyowa, nakaika pakona yozizira, kutali ndi dzuwa. Kenako anaika madzi ofunda m'firiji nakhala pa kampando.

Ola linatha. Ayezi ankangodontha pang'onopang'ono, tho, tho, tho. Kamphepo analowa, natuluka, nalowanso. Tsiku limenelo timu yake inali ndi mpira masana, ndipo iye ndiye anali goloboyi. Kumsewu anzake anali atayamba kale kuliza malikhweru.

“Iwe, ayezi ameneyu asungunuka chaka chamawa,” anatero Kamphepo. “Tabweretsa mpeni.”

“Achimwene, a Mafiriji anati mpeni ayi.”

“A Mafiriji amalankhula kuti tiziwaopa basi. Ine ndingogogoda pamwamba pokha. Ukundiona ngati mwana eti?”

“Ndiye pitani kumpirako, ine nditsiriza ndekha. Amayi sindiwauza.”

“Aa, kuti mawa uzinena kuti ndinakuthawa? Tasuntha apo.”

Tsekani anaima kutsogolo kwa dilowa ya mipeni, manja atatambasula. Kamphepo anangoseka, namunyamula m'mapewa n'kumuika pambali ngati mpando. Anasankha mpeni waukulu wodulira nyama.

Anabaya koyamba, chibenthu cha ayezi chinagwa pansi kuti phwa. Anabaya kachiwiri, chinagwa china chokulirapo.

“Waona? Ntchito ya maola atatu ine ndikuigwira mphindi zisanu. Uzindilemekeza, mwana iwe!”

“Achimwene, basi chonde, zakwana!”

Anabaya kachitatu, ndi mphamvu zake zonse.

Tsiiiii!

Kautsi koyera kanatuluka pansi pa ayezi. Kamphepo anadumphira m'mbuyo, mpeni unagwa pansi. Anayesa kutseka pabowopo ndi chala, koma kunazizira mpaka anachotsa yekha. Phokoso lija linapitirira, kenako linachepa, kenako linatheratu. Tsekani anagwira pakamwa, misozi ili m'maso.

4. Lumbiro la Kamphepo

“Ndikukawaitana bambo,” anatero Tsekani.

Asanafike pachitseko, Kamphepo anali atagwada kale kutsogolo kwake. Mnyamata wamtali ngati ameneyo, kugwadira kamtsikana! Tsekani anali asanaonepo zoterozo chibadwire.

“Chemwali, ndagwira mwendo wako. Ukudziwa zimene anandiuza bambo mwezi watha. Anati ndikangolakwitsanso kamodzi, za sukulu yoyendetsa galimoto ndiiwale. Ukufuna ndizingokhala pakhomo pano mpaka ndimere imvi? Komanso iwe ukudziwa, bambo akakwiya shuga wawo amakwera. Ukufuna uwadwalitse?”

“Nanga titani? Firiji yafa.”

“Siinafe, yangovulala. Mpira ukangotha ndipita kwa a Mafiriji. Abwera mwakachetechete, amata pabowopo, athira gasi wina, basi nkhani yatha. Zikakanika ndiulula ndekha ndi pakamwa pangapa. Ndikulumbira, dzina lako silituluka m'kamwa mwanga. Ndinakugwiritsapo mwala ine? Chibale n'fupa, sichiola.”

Tsekani anayang'ana chitseko, nayang'ana mchimwene wake. Kushopu kwa bambo kunali pafupi, mtunda woyenda mphindi khumi zokha. Akanatha kupita. Koma anakumbukira msana umene unkamubereka, ndipo anagwedeza mutu.

“Lero lokha, achimwene.”

“Lero lokha, chemwali. Mulungu akudalitse.”

Anachotsa ayezi wotsala, napukuta bwinobwino, nayatsa pakhoma. Nyale inayaka. Injini inalira monga mwa masiku onse. Munthu wongoyang'ana akanati firiji ndi yatsopano. Anabwezeramo nyama ndi mkaka. Koma atafika pa kabokosi koyera, Tsekani anakafumbata pachifuwa.

“Aka sindiika m'firiji yakufa. Katentha.”

“Ndipatse ine. Kugolosale kuli firiji ya zakumwa, ndikaika mmenemo mpaka yathuyi itachira.”

“Koma mukaike pakati, achimwene, pamene amaika zakumwa. Osati mufiriza ayi. Mankhwalawa akauma ndiye kuti atha.”

“Ndamva, amayi ake a firiji, ndamva!”

Anakaponya m'kajumbo kakuda, natuluka akuthamanga. Abale inu, akuluakulu sananame pamene ankati chifundo chinapha nkhwali. Tsekani anapereka kabokosi kaja ndi manja ake awiri.

5. Bodza loyamba

Kamphepo anabwera dzuwa likulowa, matope ali mbuu m'miyendo. Anamunong'oneza mchemwali wake kuseri kwa nyumba: “A Mafiriji akuti lero atanganidwa, abwera mawa. Mankhwala ali bwinobwino. Usadandaule.”

Amayi atafika analunjika kukhitchini. Atatsekula firiji anasangalala kwambiri.

“Eee, koma yayera! Ana anga ndi amenewa. Panalibe vuto lililonse?”

“Ayi, amayi,” anayankha Tsekani, maso ali pansi. “Ili bwino.”

Amayi anakhudza botolo la madzi. “Nanga bwanji silinazizire?”

“Imatenga nthawi ikangoyatsidwa kumene.”

Limeneli linali bodza loyamba limene Tsekani anawauzapo amayi ake pa nkhani yaikulu, ndipo linatuluka mosavuta mpaka iye mwini anachita mantha.

Pamenepo Kamphepo analowerera akumwetulira. “Amayi, musandiyamikire ine. Ntchito yonse wagwira ndi Tsekani, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine ndinangomuthandiza kutunga madzi, n'kupita kumpira.”

Tsekani anamwetulirako pang'ono. Wosauka, ankayesa akumuyamikira.

Pa chakudya chamadzulo bambo anatuluka kuchipinda ndi kabotolo kopanda kanthu. “Ili latha tsopano, ndatsiriza dontho lomaliza. Mawa m'mawa unditulutsire latsopano, mwana wanga.”

“Chabwino, ababa.”

Anayang'ana mchimwene wake. Kamphepo anatsinzina diso limodzi, napitiriza kudya. Koma Tsekani anakankhira mbale yake pambali.

6. Lamulungu m'mawa

Tsekani anadzuka m'mamawa kuti amudzutse mchimwene wake akatenge kabokosi, koma amayi anali atamulawirira. Anawapeza ataima m'khitchini, firiji ili yasa, dzanja lili pamphuno. Nyama inali itayamba fungo, magazi ake atayenderera mpaka pansi. Mkaka unali utasasa. Injini inkangolira chabe.

Amayi anavala nsapato n'kupita okha kukatenga a Mafiriji.

A Mafiriji anafika ndi chikwama chawo cha zipangizo. Sanachedwe. Anaunika ndi tochi m'mwamba muja, nayendetsa chala, ndipo chalacho chinaima pamalo amodzi.

“Ndinanena ine. Ndinanena Lachinayi lomweli, malovu mpaka kuuma. Mayi, bwerani muone. Bala la mpeni ili.”

Amayi anaona, natembenuka pang'onopang'ono. “Ndani?”

Tsekani anayang'ana mchimwene wake amene anali atatsamira pachitseko. Zinali zitakanika tsopano, ndipo lumbiro linali lakuti zikakanika aulula yekha. Kamphepo anakhosomola, naongoka. Mtima wa Tsekani unayamba kukhala pansi.

“Amayi, ine sindinkafuna kunena, ndi mwana uyu,” anatero Kamphepo. “Dzulo ndisanapite kumpira ndinamuona Tsekani ali ndi mpeni wa nyama. Ndinamuletsa, ndinamukumbutsa mawu a bambowa. Iye anati akudziwa zimene akuchita, poti firiji ndi yake.”

Ananena zimenezi maso ali gwa, osaphethira n'komwe.

“Achimwene!”

Tsekani anamva ngati wathiridwa madzi ozizira kumsana. Kenako anaphulika.

“Bodza! Amayi, ndi bodza! Anabaya ndi iwowa, katatu! Ine ndinawaletsa. Anandigwadira pompano kuti ndisanene. Anati apita kwa a Mafiriji, ndipo madzulo anandiuza kuti a Mafiriji abwera lero!”

A Mafiriji anakanda dazi lawo. “Kwanga? Dzulo ndinali pashopu tsiku lonse. Sikunabwere munthu wa nyumba ino.”

Apa m'pamene Tsekani anazindikira kuti mchimwene wake sanayambe lero kumugulitsa. Anayamba dzulo, akadali chigwadire.

“Mwamva, amayi?” anatero Kamphepo. “Akungopeka. Ine dzulo ndinanena pamaso panu kuti ntchito yonse wagwira yekha. Anakana?”

Amayi anamuyang'anitsitsa Tsekani. “Dzulo ndinakufunsa ndi pakamwa panga ngati panali vuto. Unati ili bwino. Unatinso imatenga nthawi. Tsono ndiuze, unanama dzulo kapena ukunama lero?”

“Dzulo, amayi. Koma lero ndikunena zoona!”

“Ndiye ndidziwa bwanji? Munthu wonama dzulo ndimukhulupirire lero chifukwa akulira?”

Nthawi yomweyo bambo anatulukira, jakisoni ali m'manja.

“Za firiji tikamba bwino. Nthawi yanga yakwana. Tsekani, ndipatse botolo.”

Anasuzumira m'firiji okha. Pa shelefu ya pakati panalibe kanthu.

“Kabokosi kanga kali kuti?”

“Ndinawapatsa achimwene kuti akaike m'firiji ya zakumwa kugolosale,” anatero Tsekani.

Kamphepo anatambasula manja. “Anandipatsadi kajumbo kakuda komanga, nati ndikaike mufiriza. Ine sindinafunse n'komwe kuti muli chiyani. Ndinangothandiza.”

“Mufiriza?” anakuwa Tsekani. “Munaika mufiriza?”

Sanadikire yankho. Anatuluka wopanda nsapato.

7. Pansi pa nkhuku

Mayi wa golosale anali akusesa pakhonde pamene Tsekani anafika ali wefuwefu. Za kabokosi mayiyo sankadziwa chilichonse. Anayang'ana limodzi m'firiji ya zakumwa, koma munalibe.

“Dikira kaye,” anatero mayiyo. “Dzulo mchimwene wako anati akufuna kuona nkhuku. Anafukula mufiriza umo nthawi yaitali, kenako anachoka osagula.”

Tsekani anatsekula firiza yaikulu ija, nayamba kuchotsa nkhuku zouma ngati miyala. Zala zinachita dzanzi koma sanaleke. Pansi penipeni anapeza kajumbo kakuda. Kamphepo anakabisa dala pamenepo, poopa kuti mayi wa golosale akaona mankhwala m'firiji ya zakumwa awafunsa bambo. Anabisa mlandu wake, za mankhwala sanaganizeko.

Kabokosi kanali katachita mbuu ndi chisanu. Tsekani anakatsekula. M'timabotolo monse muwiri mankhwala anali ataundana.

Anathamanga kubwerera kunyumba atatipanira m'khwapa, akutiuzira mpweya, akupemphera njira yonse. Pofika kunyumba tinali titayamba kusungunuka.

“Asungunuka, ababa! Taonani, asungunuka!”

Bambo analandira kabotolo kamodzi, nakaunika pawindo, nakaika pa tebulo. Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa. Anakhala pampando nalankhula motsitsa.

“Mwana wanga, mankhwala awa akauma ndiye kuti afa. Ngakhale asungunuke, adokotala anatiuza kuti tisawagwiritsenso ntchito, ndipo iwe unalipo tsiku limenelo. Tsono tamvera chimene chikundipweteka. Ukanangowaika m'kabati mwanga momwe ndimasunga botolo linalo, tsiku limodzi kapena awiri sakanaonongeka. Ukanangobwera kushopu n'kunena kuti ababa, firiji yaboka, ndikanakalipa ndithu, koma lero ndikanabaya jakisoni wanga. Firiji ndi chitsulo, imakonzedwa kapena imagulidwa ina. Chimene chaononga mankhwalawa si mpeni ayi, ndi kubisa. Munthu ukabisa cholakwa chimodzi, umafuna chachiwiri choti uphimbire choyambacho. Dzulo tadya limodzi pa tebulo ili. Ndinakuuza kuti botolo langa latha, iwe unati chabwino ababa, ukudziwa kuti m'firiji mulibe kanthu. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Lero zapota ine.”

“Ababa, kubisa ndinabisadi. Koma mpeni sindinaugwire, ndipo za firiza sindinanene. Ndikhulupirireni!”

“Ndinakukhulupirira kale,” anatero bambo. “Ndi chifukwa chake ndinakupatsa kabokosi.”

Tsekani analira mokweza, kulira kwa munthu amene wabayidwa ndi wake yemwe. Kamphepo anali chiimire pachitseko, akuyang'ana zikhadabo zake.

A Mafiriji anaunikanso bala lija kachiwiri, nalankhula ngati akudziuza okha. “Koma balali ndi lakuya. Mpeni unadutsa paipi mpaka kukanda chitsulo cha kuseri. Dzanja limene linabaya apa si lamasewera.” Anamuyang'ana Kamphepo nthawi yaitali ndithu. Koma amayi anali kalikiliki kufuna buku la kuchipatala, ndipo bambo anali akumwa kapu yachiwiri ya madzi. Palibe anamva kupatula Tsekani. A Mafiriji anatseka chikwama chawo, natsanzika.

8. Tsala

Chipatala chaching'ono cha pafupi sichinkatsekula Lamulungu. Kunali kofunika kukwera minibasi ziwiri mpaka kuchipatala chachikulu, kukaima pamzere, ndi kukafotokoza chifukwa chimene munthu amene analandira mabotolo awiri sabata yatha akufuniranso ena. Bambo anali asanadye kanthu, ndipo nthawi ya jakisoni inali itapitirira kale.

Masiku onse opita kuchipatala, wonyamula chikwama cha bambo anali Tsekani. Ngakhale tsiku limeneli anapukuta misozi, nathamangira kuchipinda, nabwera nacho. Pakhomo anawagwira bambo ake pamkono kuti atsike bwino masitepe.

Bambo anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

“Iwe tsala. Andiperekeza mchimwene wako.”

Anatenga chikwama chija m'manja mwake nachipereka kwa Kamphepo, kenako anatsamira paphewa la mnyamatayo.

Amayi anatsalira pang'ono m'mbuyo, akumanga mpango. “Utaye nyama yoolayo, ukolope m'khitchini. Ukatha ulongedze zovala zako ndi mabuku. Mawa ndikukakusiya kwa azakhali ako, ukakhale komweko mpaka mtima wa bambo ako utakhala pansi. Sindikufuna akamadwala azikuona.”

“Amayi, nanga sukulu?”

“Ukanaganiza zimenezo dzulo.”

Tsekani anaima pakhonde akuwayang'ana akupita, atatu. Atafika pageti, Kamphepo anatembenuka. Tsekani anayesa kuti mwina tsopano, mwina manyazi amugwira. Koma mnyamata uja anangokweza chala chimodzi, nachiika pamilomo pake. Kenako anawatsekulira bambo geti mwaulemu wonse, natuluka nawo.

Ha! Atamuponya pamoto chonchija, ankafunabe kuti amusungire chinsinsi.

Tsekani analowa m'nyumba. Anatulutsa chikwama pansi pa bedi, nachitsekula, naikamo diresi limodzi. Lachiwiri analigwira m'manja, koma silinalowe. Analiponya pabedi, navala nsapato, natseka nyumba ndi kiyi.

Kumsewu, makolo ake anali atakhotera kale kumanzere, kolowera kusiteji ya minibasi. Kumanja, chapatali, kunkaoneka dazi la a Mafiriji likunyezimira padzuwa. Tsekani anakhotera kumanja, nathamanga.

“Bambo! A Mafiriji! Taimani!”

A Mafiriji anaima, naika chikwama chawo pansi, namudikira mpaka anafika.

“Zimene munanena zija, za dzanja,” anatero Tsekani akupuma movutikira. “Mungazinenenso pamaso pa bambo anga?”

A Mafiriji anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Mwana iwe, ukudziwa chimene ukupempha? Ndikatsekula pakamwa ine, m'nyumba mwanu mutuluka munthu ndithu. Kaya ndi iwe, kaya ndi mchimwene wako, koma mmodzi wa inu sagonamo mawa.”